Nkhani Imene Inamangitsa a Fabiyawo

Tazimitsani kaye kafoniko, ana inu. Kuyambira m'mawa mwaunjikana ngati nkhuku pa madeya, mukutukwana munthu amene sakukumvani n'komwe. Iwe Selina mpaka misozi, eti chifukwa mayi wopeza wa mufilimumo wamana mwana wamasiye chakudya. Ndamva mukuti mutakumana naye pa msika wa Mongue mungamugende. Mayi ameneyotu pano ali kwawo phee, akudya zonona, ntchito yake yokukwiyitsani anaimaliza kalekale. Bwerani kuno muzisenda nandoloyu, manja azigwira ntchito makutu akumva. Ndikuuzeni za nkhani yopeka imene inamangitsa munthu weniweni, ndipo woipekayo ndi yemwe akuyankhula nanuyu.

Musandiyang'ane choncho. Mukuyesa ndinabadwa ndi imvi ndi mawondo olirawa? Ufulu utabwera ine ndinali mnyamata wa ndevu zitatu, ndipo ndinkazipesa. Azungu a m'minda ya tiyi anali kalikiliki kulongedza, ife tinali kalikiliki kuphunzira kukweza nkhonya m'mwamba. Tsiku limodzi lokha tonse tinasanduka makamarada, ndiko kuti abwenzi ofanana. Apongozi ako, amene dzulo ukawaona panjira unkalowa m'tchire mpaka kukalidwa ndi minga, lero akuti uziwaitana kuti kamarada. Amalume anga ena anayesa kamodzi, anagona ndi njala masiku awiri.

Ine ndinali nditaphunzira makalasi anayi kwa ansembe, ndipo masiku amenewo zimenezo zinkakwana kuti munthu aziyenda ndi pensulo kukhutu. Choncho atalamula kuti akuluakulu onse aphunzire kuwerenga, anandisankha ine kukhala mphunzitsi. Sukulu yathu inali pansi pa mtengo wa mango waukulu uja mumadutsa popita kutchalitchi. Bolodi linali chitseko cha sitolo ya mzungu wothawa, tinachidetsa ndi makala a m'mabatire akutha. Choko anali makaka, chinangwa chouma chija, ndipo ndikangotembenuka pang'ono ophunzira anga ankadya choko. Inu mukudandaula kuti foni yatha moto. Ine ndinkathetsa sukulu msanga chifukwa agogo ena atafuna phunziro la mawa.

Kutsogolo kwenikweni kunkakhala mtsikana wina wa khosi lalitali, dzina lake Rozina. Ndi agogo anu omwewa ali kuseri kwa nyumbaku akunamizira kuti akupeta. Akumva zonse. Iwowo zilembo anazigwira sabata yoyamba yomwe, koma ankandifunsa dala mafunso oti ndichite manyazi pagulu, ine n'kumati ndiye chikondi chimenecho.

Mudzi wathu unali ndi sekeretale wa chipani. Dzina lawo ndilisiya, adzukulu awo mumasewera nawo mpira. Ufulu usanabwere ankagulitsa nsomba zouma pa njinga, koma tsopano anali ndi wezulo pakhosi ndi chikwama chachikopa chimene sankachisiya ngakhale popita kuchimbudzi. Ndinachitsegulapo tsiku lina. Munali chisa cha tsitsi ndi nthochi ziwiri.

Tsiku lina a sekeretale anabwera pa sukulu yanga thukuta lili kamukamu. Anati kukubwera alendo akuluakulu ochokera ku Milange kudzaona ngati povo, ndiye kuti ife anthu wamba, tatseguka m'maso. Mudzi wa kutsidya kwa dambo unkakonza gule. A sekeretale sankafuna gule.

«Gule amavina aliyense, kamarada mphunzitsi, ngakhale woledzera,» anatero. «Ife tionetse kuti kuno kuli anthu ophunzira. Ulembe nkhani ya mavuto amene tinaona m'manja mwa atsamunda, udzaiwerenge pamaso pa alendo. Anthu adzalire. Akapanda kulira, udzalira ndiwe.»

Ndinavomera msangamsanga chifukwa ndinkaganiza za Rozina. Ndinang'amba thumba la simenti, n'kulisita ndi manja, n'kuyamba kulemba. Nkhani yake inali ya mayi wamasiye wolima thonje lokakamiza lija. Afika nalo pa sikelo, kapitawo wachikuda anong'oneza mzungu kuti thonjelo ndi lakuda ndiponso laperewera, mayi uja amenyedwa ndi mbalamatodya, abwerera kunyumba apeza mwana wake wafooka ndi njala. Mbalamatodya inu simuidziwa, ndipo musaidziwe. Linali thabwa lokhala ngati chipande chachikulu, lobooledwa mabowo, lomenyera anthu. Ndinene zoona, ine ndinali ndisanaionepo ikugwira ntchito. Bambo anga anali katekisiti, ndiye zambiri zinkatilambalala. Ndinkangomva anthu akunena, zotsalazo ndinadzaza ndekha.

Nditawawerengera a sekeretale, anapukusa mutu.

«Mzunguyu wapita kale, timupeza kuti? Nanga kapitawoyu bwanji alibe nkhope? Wangoti kapitawo, kapitawo. Povo amafuna mdani woti amuone ndi maso. Kamupatse nkhope.»

Ndinabwerera kunyumba, ndinakhala pakhonde, pensulo ili m'kamwa. Nkhope sinkabwera. Mukamaona anthu olemba nkhani mumayesa zonse zimachokera m'mutu. Bodza. Amaba. Amaba mphuno ya uyu, kayendedwe ka uyo, n'kusoka pamodzi. Ine ndikanakhala ndi nzeru ndikanaba kwa anthu asanu osiyana. Koma ndinali waulesi, ndipo nthawi yomweyo panjira pankadutsa a Fabiyawo atasenza mtolo wa nsungwi.

A Fabiyawo sanali akwathu kuno. Anachokera cha ku Gurue, ndipo zaka zambiri anali khukhi kunyumba kwa mzungu woyang'anira munda wa tiyi. Anadzakwatira m'mudzi mwathu kwa mayi Lusiya ali wamkulu kale, n'kukhala mkamwini wopanda mbale ngakhale mmodzi pafupi. Anali munthu wosayankhulayankhula. Pakhosi sipankachoka kathawulo. Dzanja lamanja linkakhala m'thumba la jekete nthawi zonse, kaya kutenthe bwanji, moti moni ankapereka ndi lamanzere. M'thumba la pachifuwa munkakhala supuni, ndipo pamaliro anzawo akamatema nsima ndi manja iwo ankatulutsa supuni ija. Asanayankhule ankatsokomola kawiri, khoo khoo, ngati akugogoda pa chitseko.

Anthu sankawakonda, ndipo ukafunsa chifukwa chake aliyense anali ndi chake. Ena ankati amadziyesa mzungu. Ena ankati m'thumbamo amagwirira chithumwa. Amayi ankati munthu wamwamuna wodziwa kuphika kuposa mkazi wake ndi wosadalirika, pamene amayi omwewo ankapita mobisa kukafunsa kaphikidwe ka buledi wa mumphika. Ine sanandilakwirepo chilichonse. Ndili mwana wa sukulu anandisokerapo nsapato yanga imodzi yokhayo ndi waya, osandiuza kanthu.

Ndinatenga kathawulo kaja, supuni ija, dzanja la m'thumba ndi chifuwa chija, ndinamuveka kapitawo wanga. Dzina sindinalitenge, ndipo pamenepo ndinadziona wochenjera kwambiri. Kapitawo uja anadzuka papepalapo, anayamba kuyenda. Ndinasangalala, ana inu, sindikubisirani. Ndinaseka ndekha pakhonde.

Tsiku la alendo amayi a m'mudzi anadzuka m'mamawa kuphika. Ife povo anatiphikira kalongonda, nyemba zija zimene inu mumazinyoza kuti zimachedwa kupsa. Zimachedwadi, uziwiritse, utaye madzi, uziwiritsenso, ukachita changu zimakuzunguza mutu mpaka kuyamba kupereka moni kwa mitengo. Alendo anawaphera nkhuku zinayi, poti anabwera kudzatiphunzitsa kuti tsopano tonse ndife ofanana. Anafika dzuwa lili paliwombo, pa galimoto imene tinaikankha kuchokera pa mlatho. Tinafuula ma viva mpaka mawu kusasa. Viva ichi, viva icho. Abasho ichi, abasho icho, ndiko kuti chigwe. Agogo ena osamva bwino ankasokoneza, kugwetsa zoyenera kukwezedwa, koma palibe anawamva m'phokosomo.

Kenaka anandiitana. Ndinaima pansi pa mango paja, thumba la simenti lili m'manja. Nditafika pamene kapitawo akutulutsa supuni kuti adye nsima, anthu anaphulika kuseka. Nditatsokomola kawiri, khoo khoo, ena anagwa pansi. Kusekedwa ndi gulu n'kowawa, koma kuseketsa gulu kumaledzeretsa kuposa kachasu. Ndinayamba kuwonjezera zimene sizinali papepala. Ndinaika dzanja m'thumba, ndinayenda uku ndi uku, ndinakoleka mpango pakhosi. Ndinaponya diso kwa Rozina. Iye yekha sankaseka, ine n'kumati akuchita manyazi ndi luso langa.

Nditafika pomenyedwa mayi wamasiye uja, kuseka konse kunatha. Amayi anayamba kufwenthera. Ndiye mayi wina wachikulire, mayi Nampinga, anaimirira manja ali kumutu.

«Ameneyo ndi mchemwali wanga! Ndinaliko ine! Ndinaona ndi maso angawa!»

Tsono mumve bwino apa. Mayi Nampinga thonje analimadi, ndipo kumenyedwa anamenyedwadi kalekale, ndi anthu ena, kudera lina. Ululu wawo sunali wopeka. Chimene ankasowa zaka zonsezo ndi munthu womuloza chala, ndipo ine ndinali nditawabweretsera. Atangotero, wina anati nayenso akukumbukira. Wachitatu anati kapitawoyo anamulandanso mbuzi. Mbuzi m'nkhani yanga munalibe.

Mkulu wa alendo uja anaimirira, anapukuta mafuta a nkhuku kukamwa, n'kufunsa mwaulemu kwambiri: «Makamarada, mdani ameneyu akadali pakati panu?»

Mitu inatembenuka, umodzi umodzi, kuyang'ana kumbuyo. A Fabiyawo anali atakhala pa chitsa, akuomba ntchafu ndi dzanja lamanzere kundiyamikira. Anali ataseka nawo limodzi nkhani yonse. Munthu sadziwa kuti amatsokomola kawiri.

Ine anandipatsa cholembera cha inki, choyamba m'moyo wanga, ndipo pepala langa analitenga kupita nalo ku Milange. A Fabiyawo anawatsekera m'nkhokwe yakale ya thonje, kudikira msonkhano wa mudzi.

Kutacha ndinathamangira kwa a sekeretale. Ndinawapeza akusukusula.

«Kamarada sekeretale, pachitika cholakwika. Nkhani ija ndinangopeka. A Fabiyawo sanakhalepo kapitawo, anali khukhi. Ine ndinangobwereka supuni.»

Anandiyang'ana madzi akudontha kuchibwano.

«Wati chiyani? Unapeka? Ndiye ukuti unanamiza alendo a boma? Ukuti mavuto a atsamunda ndi nkhani zopeka? Tabwereza, ndiitane mboni.»

«Mavutowo ndi oona, koma munthuyo…»

«Mavuto oona amakhala ndi munthu woona. Tamvera, Zakaliya, ndikuuze ngati mwana wa mnzanga. Alendo aja akudikira munthu mmodzi kuchokera m'mudzi muno. Sanatchule kuti akhale wa supuni kapena wa pensulo.»

Ndinabwerera kunyumba. Amayi anga anandipatsa phala, linandikanika.

Msonkhano unachitika patapita masiku atatu, masana dzuwa likuswa mtengo. A Fabiyawo anawaimika pakati, opanda chipewa. Mayi Lusiya anakhala pansi kumapeto kwa bwalo, okha, popeza amayi anzawo anali atasendera kutali. Anawauza a Fabiyawo kuti aulule zolakwa zawo pamaso pa povo. Anatsokomola kawiri, anthu n'kuseka, koma iwo anadikira mpaka kuseka kutatha.

«Ndamva kuti kapitawo wa m'nkhaniyo ndine,» anatero m'Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chilomwe. «Ndilibe mawu ambiri. Koma aphunzitsi, nkhani yanu ili ndi polakwika. Mwati mayiyo anamumenya kumsana. Mbalamatodya samenya kumsana, amamenya m'zikhatho. Mabowo aja amakoka mnofu. Mwatinso mawa lake anapita kumunda. Sangapite. Khasu sangaligwire mwezi wathunthu, ngakhale kudya amachita kumudyetsa.»

Atatero anatulutsa dzanja lija m'thumba. Ambirife tinali tisanalionepo. Zala zinali zopindikira m'kati, zouma ngati mizu ya chinangwa, chikhatho chonse zipsera zokhazokha.

«Galu wa bwana anadya nyama ya alendo,» anatero. «Poti galu alibe zikhatho, anatumiza ine kwa asilikali. Linatupa, linaola, linauma chonchi. Nsima sinditha kukanya, ndipo kukanya ndi lamanzere pagulu ndimachita manyazi. Supuni ndi imeneyo.»

Ndinaona amayi ena akuweramitsa nkhope. Pakanapezeka munthu mmodzi wa ndevu zenizeni woti anene kuti abale tiyeni tizipita kwathu, nkhani ikanathera pomwepo. Koma a sekeretale analiza wezulo.

«Mwamva nokha, makamarada! Akudziwa pomenya, akudziwa ntchito ya mabowo, akudziwa ndi masiku ake opolera. Angadziwe bwanji zonsezi munthu wosalakwa? Za dzanjazo zisakupusitseni. Ngakhale agalu a atsamunda ankamenyedwa ndi mabwana awo.»

Anthu anapumira m'mwamba, chifukwa kukhala olakwa mudzi wonse n'kolemera, ndipo a sekeretale anali atawatula katunduyo. Pamenepo ine ndinaimirira. Inde, ndinaimirira, zimenezi muzikazinena pamaliro anga. Koma mawu amene anatuluka anali a mwanapiye wonyowa.

«Makamarada, nkhani ija ndinangopeka ine.»

Mayi Nampinga anatembenuka. «Ndiye wabodza ndine? Iwe mwana wa katekisiti, amene sunagwirepo thonje, ukuti ine ndikunama?»

Wina anakuwa kuti aphunzitsi ali ndi mtima wachifundo, asiyeni. Anthu anaseka. A sekeretale sanaseke, anangondiyang'ana, wezulo ili pamlomo. Ndinakhala pansi. Ndipo ndikuuzeni chimene sindinauzepo ngakhale wansembe: pokhala pansi paja mtima wanga unapepuka. Ndinali nditanena zoona, ndipo mwamwayi palibe anandikhulupirira. Chimenecho ndicho chimandichititsa manyazi mpaka lero, kuposa nkhani yeniyeniyo.

Mawa lake anawamanga luzi m'chiuno n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Milange. Kumeneko anawakweza lole yopita kumisasa ya kutali kumpoto, kumene ankati amakakonzako anthu maganizo. Mlandu sunaweruzidwe, zaka sanawauze. Masiku amenewo munthu ankangopita, otsala n'kumayankhula za mvula.

Ine ndinadikira sabata, kenaka ndinasamba, ndinakoleka cholembera chija pathumba pooneka, ndinapita kukamufunsira Rozina. Ndinamupeza akusinja. Sanasiye n'komwe.

«A Zakaliya, mvula ili pafupi. Munda wa mayi Lusiya alime ndani?»

«Ine ndabwerera nkhani ina, Rozina.»

«Nkhani zanu ndazimva, zimatha ndi luzi m'chiuno. Ine ndikufunsa za munda. Mukaulima mpaka kukolola, mudzabwere tidzaone ngati ndidzakhale ndisanakwatiwe.»

Mukumva kutsokomola kuseriko? Agogo anu akuvomereza.

Ndinalima, ana inu. Manja a pensulo aja anatuluka matuza, matuza anaphulika, pamwamba pake panabwera ena. Munda wake unali wa nsenjere ndi miyala, kumtunda kwa dambo. Mayi Lusiya sanandiyankhulepo chaka chonse choyamba. Ndikafika ankangoloza ndi chibwano poyambira. Ndikapereka moni ankayankha nkhuku zawo. Anthu panjira ankandiseka kuti aphunzitsi akwatira mkazi wa kapitawo, ndipo a sekeretale anandichotsa pa uphunzitsi n'kuikapo mphwawo, amene ankalemba chilembo cha S chagada.

Zinali zaka zovuta kwa aliyense. M'masitolo munatsala mashelefu okhaokha ndi wogulitsa. Mchere tinkachita kuwoloka mtsinje wa Ruo kukasinthitsa ndi nkhuku ku Muloza, madzi ali m'chifuwa, nkhuku ili pamutu ikukunyera. Sopo tinamuiwala, tinkachapira masamba a papaya, zovala n'kumanunkha ngati ndiwo. Inu mukataya kachidutswa ka sopo pabafa ine mtima umandipweteka, mumati ndine wovuta. Chaka chachiwiri agogo anu anandilola, mwina poona kuti manja anga tsopano akufanana ndi a munthu. Koma anati munda uja sunathe. Ndinalima wathu m'mawa, wa mayi Lusiya madzulo. Chaka chimenecho mayi Lusiya anayamba kundisiyira chikho cha madzi pa chitsa, osanena kuti ndi cha ndani.

Pa masiku a zikondwerero anthu ankandipempha kuti ndiwerengenso nkhani ya kapitawo wa supuni. Ndinkati pepala linapita ku Milange ndipo m'mutu mwanga inafufutika. Sizinathandize. Ankaifotokoza okha, ndipo inkakula chaka ndi chaka. Pofika chaka chachitatu kapitawoyo anali atapha anthu asanu ndi awiri ndi ng'ombe ya mfumu.

A Fabiyawo anabwerera nthawi yozizira, tsiku la chiperoni, kamvula kaja kosaleka. Ndinamva kwa amayi ochokera kumadzi. Anati afika wapansi, mapazi otupa, mano akutsogolo palibe. Ndinatha sabata yathunthu ndikuzungulira nyumba yanga ngati galu wakuba. Agogo anu ndiwo anagwira tambala wathu, anamumanga miyendo, anandipachika m'khwapa n'kundikankhira panjira.

Ndinawapeza atakhala pa mphasa pakhonde, akuwothera kadzuwa. Anali atachepa ngati mwana. Ndinagwada patali, tambala akuphupha, mawu onse amene ndinakonza panjira anathawa.

«Bambo, ndabwera,» ndi zokhazo zimene ndinatha kunena.

«Ndakuonani, aphunzitsi. Senderani kuno, makutu anatha.» Ndinasendera. «Mayi akuti mumalima mokhota, koma mumalima.»

Ndinayamba kupepesa, misozi ndi mamina zonse pamodzi, zonyansa ndithu. Anandidula ndi dzanja.

«Nkhani yanu ija inafika kumene ndinali. Mukudziwa? Anailemba ndi makina, mapepala atatu. Loweruka lililonse tikachoka kogwetsa mitengo ankatikhazika pansi n'kutiwerengera kuti tiphunzire kuzindikira mdani. Akamaliza ankafunsa, mdani m'nkhaniyi ndani? Ife tonse pamodzi: kapitawo! Ine ndinkayankha mokweza kuposa onse, chifukwa woyankha bwino ankamuwonjezera nyemba. Supuni anandilanda tsiku loyamba, kathawulo kanatha, ndipo kumeneko aliyense ankatsokomola. Palibe anadziwa kuti ndine.»

Anaseka, nkhama zili poyera, mpaka chifuwa chinawagwira. Ine sindinadziwe ngati ndiseke nawo kapena ndikumbe dzenje ndilowemo.

«Munalemba bwino,» anatero atapuma. «Pena ndinkamuda ndithu kapitawoyo. Tsono tambalayu mubwerere naye, ndilibe mano omudyera. Ine ndikufuna china. Mulembe ina. Mulembe zimene zinachitika, muikemo dzina langa lenileni, mukaiwerenge pamalo pomwe munawerengera yoyamba.»

Yoyamba ija ndinailemba tsiku limodzi. Yachiwiriyi inanditengera mwezi. Zoona zilibe pokometsera, ukangowonjezera kamchere umayamba kudzimvera wekha fungo. Ndinkapita kwa iwo kukafunsa, anabadwira kuti, analowa liti ukhukhi, galuyo anali wamtundu wanji. Za galuyo anafotokoza mosangalala, anati anali galu wabwino, wongokonda nyama. Ndinalembamo ndi za ine, kuti mphunzitsi anaba supuni ya munthu chifukwa cha ulesi ndi kufuna kutamandidwa, n'kukhala pansi pamene anayenera kuimabe. Ndinapita kwa a sekeretale kukapempha chilolezo. Anati iwo sangaletse munthu kuyankhula ndi mtengo wa mango, koma wezulo saliza, ndipo tsiku limenelo dzino lidzakhala likuwawawa.

Ndinasankha Lamulungu, anthu akutuluka m'mapemphero, kuti ndiwapeze ambiri. Ndinalengeza pakhomo la tchalitchi kuti aphunzitsi akale ali ndi nkhani yatsopano. Anabwera ndithu, gulu labwino, akuyembekeza kuseka. A Fabiyawo anawakhazika pa mpando kutsogolo, mayi Lusiya pambali pawo, agogo anu kumbuyo atabereka bambo ako iwe Selina.

Ndinayamba kuwerenga. Sipanapite nthawi anthu anazindikira kumene nkhani ikulowera. Mayi wina anakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto. Bambo wina anakumbukira mbuzi. Ankachoka mwaulemu, mmodzimmodzi, akuwerama ngati akudutsa pamaso pa akuluakulu. Mayi Nampinga anakhala mpaka pakati, kenaka ananyamuka osayang'ana munthu, ndipo ine sindinawadandaule. Mkulu wina pochoka anandigwira paphewa n'kunena mokoma mtima kuti, «Mwayesetsa aphunzitsi, koma yoyamba ija inali yokoma.»

Pomaliza tinatsala anthu anayi ndi khanda. Ndinapinda pepala, manyazi atandigwira, ndinati bambo pepani, anthu sanamve. A Fabiyawo anali atatsinzina, mutu uli cham'mbali kuti khutu labwino likhale kwa ine.

«Za inuzo musabwereze, ndazimva,» anatero. «Tabwererani pamene pakunena za ine. Paja pakuti sindinachite chiyani.»

Ndinafunyulula pepala, ndinapeza mzerewo, ndinawerenga: «A Fabiyawo anali khukhi. Sanakhalepo kapitawo, ndipo sanamenyepo munthu.»

«Zalembedwa choncho? Papepalapo?»

«Zalembedwa, bambo.»

«Tandionetsani.»

Kuwerenga sankadziwa. Ndinawaikira pepala pamiyendo n'kuloza mzerewo. Anatulutsa dzanja lopindika lija, anaika chala chimodzi pamene ndinalozapo, n'kuchisiya pomwepo.

«Werenganinso,» anatero. «Mokweza. Mayi sanamve bwino.»

Mayi Lusiya anali atamva bwinobwino. Ndinaimirira, ndinayang'ana bwalo lopanda anthu lija, ndinawerenganso mokweza.